Flashi ya mafilimu a za m'banja ya kwa anyamata a ku Zigwagwa, ndi bho koma DJ achepetseko pakamwa

Anyamata obanitsa mafilimu pafupi ndi msika wa Zigwagwa ku Mzuzu aja ndinawapatsa flashi kuti andiikire za m'banja zokhazokha osati zankhondo, pa nyenyezi 5 ndikuwapatsa 4. Ntchito amagwira fasiti ndipo anandiikira m'mafoda motengera dziko, Nigeria, India, Korea, Philippines.

A ku India ndi amene atikangalitsa kwambiri pakhomo. Kuno kumpoto tinazolowera kuti malobola amachokera kuchimuna, ng'ombe zikapita mkazi n'kukakhala kwa apongozi, uko nakonso mkazi amapita kuchimuna koma chuma amapereka ndi makolo a mkazi, golide, ndalama, ena mpaka galimoto, boma lawo linaletsa zimenezi mu 1961 koma m'mafilimumu nkhani ikadali yomweyo mtsikana kuzunzidwa ati kwawo sanabweretse zokwanira. Amayi anga anangogwira pakamwa, ati nanga wobereka ana aakazi okhaokha ndiye atani?

A ku Philippines amandiliza ine. Mayi kupita ku Hong Kong kukagwira ntchito ya m'nyumba, kulera ana a eni pomwe ake akukulira kwa agogo, pobwera ana sakumuzolowera angofuna zomwe zili m'chikwama, aliyense wa ku Mzimba amene bambo ake ali ku Joni sangaonere osamva kanthu. A ku Korea ndiye ulemu eti, mwana wamkulu ndithu pomwa mowa ndi bambo ake amatembenukira kumbali, pothira amagwira botolo ndi manja awiri. A ku Nigeria ndangoonerako pang'ono, zija za apongozi kubweretsa mkazi wachiwiri ati woyamba sakubereka zinanditopetsa kale.

Nyenyezi imodzi ndachotsa chifukwa cha DJ womasulirayo. Chichewa chake ndi chokoma, amaseketsa, agogo amatsatira bwinobwino, koma pamene mwana akupepesa bambo ake anthu tili chete iye ndi pomwe akupereka moni kwa makasitomala ake a ku Chibavi, aaa ayi. Komanso filimu ina yaitali ya ku Korea inalibe gawo lomaliza, nditabwerera anandiikira osalipiritsanso, apo ndawayamikira.

Ngati mumatha kuwerenga chizungu mwachangu auzeni akuikireni a ku Korea ndi Philippines osamasulira, a mawu olembedwa pansi aja, ndipo muyeseretu flashiyo pa TV yawo musanachoke.