Kalabu ya chesi ikhale pati: WhatsApp, Facebook, Lichess kapena webusayiti?

Mwezi wathawu mayi wina anandiimbira foni. Mwana wawo wamkazi anapambana mpikisano wa ana asukulu umene kalabu yathu inakonza chaka chatha, ndipo amafuna umboni woti akaonetse kusukulu ina kumene akumupemphera malo. Ndinafufuza m'gulu lathu la WhatsApp usiku wonse osapeza kanthu. Foni ndinasintha, ndipo mnzanga amene anajambula pepala la zotsatira anafufuta chithunzicho kalekale pofuna malo. Kuyambira tsiku limenelo, njira iliyonse yoonekera pa intaneti ndimayiyesa ndi funso limodzi: kodi munthu wakunja akadzafuna zimene tinachita chaka chatha, adzazipeza?

Pa zinthu za lero ndi mawa, WhatsApp palibe yoiposa. Pafupifupi wosewera aliyense ali nayo, ndipo TNM ndi Airtel ali ndi mabandulo ake apadera. Holo ikasintha mwadzidzidzi, uthenga umodzi wakwana. Ndandanda ya amene akukumana pa bolodi iti imafika anthu akadali m'minibasi. Gulu limodzi limalowa anthu 1,024, kuposa kalabu iliyonse imene ndikuidziwa. Koma gululo ndi nyumba yotseka. Kholo limene langofika kumene m'tauni silingatipeze pa Google. Chilengezo cha mpikisano chimakwiririka ndi moni wa m'mawa ndi mikangano ya mpira dzuwa lisanalowe. Chondidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti nambala ya aliyense imaonekera kwa aliyense, pamene m'gulumo muli ana a ku pulayimale. Ife tinagawa pawiri: gulu lochezera la akuluakulu, ndi la zilengezo kumene amalemba ndi adimini yekha. Ma Channel amene WhatsApp inabweretsa mu 2023, momwe adimini amalengeza ena n'kumangowerenga, amabisa nambala za otsatira, choncho kwa makolo ndi ana ndi abwinoko.

Facebook ndiyo khonde la kalabu. Chithunzi chimodzi cha kamtsikana kovala yunifomu, katagwira chibwano, maso ali pa bolodi, chinatibweretsera makolo ambiri kuposa mapepala onse amene tinamata m'mitengo. Wabizinesi amene mukumupempha thandizo amafuna kuona dzina lake likuonekera kwa anthu, ndipo tsamba la Facebook limamupatsa zimenezo. Komabe si onse okutsatirani amene amaona zimene mwalemba. Makina a Facebook ndiwo amasankha woti aone, ndipo tebulo la zotsatira silikoka anthu ngati chithunzi cha chikho. Nkhani ya miyezi isanu ndi itatu yapitayo muyifuna mpaka bandulo kutha.

Palinso nkhani ya mwini tsamba. Lathu loyamba anatsegula mnyamata wina wakhama pa akaunti yake. Atapita kukagwira ntchito ku Johannesburg anasintha nambala, ndipo tsambalo lidakalipo mpaka lero, likulengeza mpikisano umene unatha kale, popanda wina wa ife wotha kulowamo. Ikani maadimini atatu kuyambira tsiku loyamba. Kumbukiraninso kuti nyumba ziwirizi mwini wake ndi mmodzi: Facebook inagula WhatsApp mu 2014, ndipo pa 4 October 2021 zonse zinazima limodzi kwa maola pafupifupi asanu ndi limodzi.

Lichess ndi Chess.com ndi mabwalo osewererapo chesi pa intaneti, ndipo onse awiri amalola kalabu kukhala ndi tsamba lake. Chess.com, imene inayamba mu 2007, ili ndi osewera ochuluka komanso maphunziro okonzedwa bwino. Kungoti zambiri mwa zokomazo n'zolipira, kulipirako n'kwa khadi ndi ndalama zakunja, ndipo tonse tikudziwa mmene dola ikuvutira kupeza. Lichess anaiyambitsa Thibault Duplessis wa ku France mu 2010. Ndi yaulere yonse, ilibe zotsatsa malonda, imayendera zopereka za anthu. Mukatsegula timu ya kalabu mutha kukonza mipikisano ya Arena (kusewera masewero ambiri m'nthawi yoikika) kapena ya Swiss (ya maraundi, a mapointi ofanana n'kumakumana), ndipo masewero onse amasungika, mutha kuwatsitsa ngati fayilo ya PGN, yolemba mayendedwe onse a masewero. Mphunzitsi wathu amaika maphunziro a sabata mu Study, gawo la Lichess lophunzitsira, mwana n'kumasuntha yekha zidutswa pafoni ali kunyumba. Kwa kalabu ya m'thumba mopepuka ine ndikusankha Lichess mosazengereza. Koma mphunzitsi wamkulu wa sukulu sangalowe kumeneko kukafuna dzina la mwana, makamaka poti ambiri amasewera ndi mayina obisika, ndipo mapointi a pa Lichess si reting'i ya FIDE, muyeso wovomerezeka wa luso la wosewera wochokera ku bungwe la chesi la dziko lonse lapansi.

Chimene ndinachipeputsa kwa zaka zambiri ndi Chess-Results, tsamba losunga zotsatira za mipikisano ya chesi. Tsambali ndi la Heinz Herzog wa ku Austria, amene analembanso pulogalamu ya Swiss-Manager imene oyimbira masewero ambiri amagwiritsa ntchito pokumanitsa osewera. Maonekedwe ake ndi achikale, matebulo okhaokha. Koma pomwepo mupeza zotsatira za Olympiad (mpikisano wa matimu a maiko) ya ku Chennai ya 2022 ndi ya ku Budapest ya 2024, bolodi ndi bolodi, kuphatikizapo matimu a Malawi ndi Zambia, pambali pa timipikisano ta m'masukulu ta maiko osiyanasiyana. Woyimbira akamaliza raundi amatumiza zotsatira kuchokera pa laputopu, ndipo linki imodzi yomweyo mutha kuiponya pa WhatsApp ndi pa Facebook. Mwana akadina dzina lake amaona amene anasewera nawo, mbali imene anali, yoyera kapena yakuda, ndi mapointi amene anapeza. Swiss-Manager yathunthu imafuna laisensi yogula, choncho kalabu yaing'ono ifunse woyimbira amene ali nayo kale, kapena ifunse ku Chess Association of Malawi kuti ndani angathandize. Chikhala kuti mpikisano wathu wa chaka chatha tinauika pamenepo, mayi aja ndikanawayankha foni isanadulidwe.

Nanga webusayiti yanuyanu? Ndiyo yokhayo imene mumailamulira nokha, ndipo kalata yopempha thandizo ikakhala ndi adiresi ya webusayiti imalemerako. Koma dzina la webusayiti limalipiridwa chaka ndi chaka, malo osungirapo chimodzimodzi, ndipo mukaiwala kulipira zonse zimazima. Webusayiti imene nkhani yake yomaliza ndi ya zaka zitatu zapitazo imauza mlendo kuti kalabu inafa. Bungwe la dziko lonse kapena akademe yolandira ndalama za makolo silingaithawe: malamulo ake, kalendala ya chaka ndi mmene amasankhira timu ya dziko ziyenera kukhala poyera. Kalabu ya anthu makumi atatu ingotsegula tsamba limodzi laulere pa Google Sites kapena WordPress, n'kulembapo zinthu zosasinthasintha: kumene timakumana, tsiku ndi nthawi, ndalama ya umembala, imelo ya kalabu, ndi mndandanda wa malinki a Chess-Results chaka ndi chaka. Tsamba lotero silikalamba msanga chifukwa silinalonjeze nkhani za tsiku ndi tsiku.

Umu ndi mmene tayalira zathu tsopano, ndipo mapasiwedi onse ali mu envulopu imene amasunga msungichuma. Mayi aja tinawalembera kalata yosainidwa ndi wapampando, kudalira zimene atatu mwa ife timakumbukira. Mpikisano wa ana ukubwerawu tagwirizana kale ndi woyimbira kuti zotsatira zidzakwera pa Chess-Results madzulo omwewo, mabolodi asanalongedzedwe m'katoni.