Miyezi 11 ndi makina otchetchera udzu a batire

Papita miyezi 11 chigulireni makina otchetchera udzu, aja ogwira m'manja amene amazunguza ulusi wa nayiloni kumapeto kwa ndodo yaitali. Anga ndi a batire la mavoti 36 (36V), ndodo yowongoka. Tsiku logula, maso anga anali pa nambala ya mphamvu basi. Lero munthu akandifunsa, ndimamuuza kuti ayambe wayang'ana mutu wa makinawo, muja mumakhala ulusi, chifukwa m'menemo ndi momwe muli chisangalalo kapena chisoni cha mwini wake.

Mutu wa anga ndi uja woti ulusi ukafupika, mumangougunditsa pansi makina akuzungulira, wina n'kutuluka. Masabata oyamba zinkayenda bwino. Ulusi wobwera nawo utatha, ndinagula wa 2.4 mm poganiza kuti wonenepa ndiye wolimba, chonsecho kabuku ka makinawo kananena 2.0 mm. Mota inayamba kulira molemedwa, batire kumatha msanga, ulusi kumakanirira mkati. Tsiku lina nditatsegula mutuwo ndinapeza timizere ta ulusi titamatirirana chifukwa cha kutentha, moti ndinakhala pansi pa kapinga n'kumalekanitsa ndi zikhadabo dzuwa likundiwotcha pakhosi. Ndinabwerera ku 2.0 mm, n'kuphunzira kukulunga mothina ndi mwandondomeko, osapingasa, motsatira kamuvi kojambulidwa pachokulungirapo. Chichokereni tsiku limenelo vutoli silinabwerenso. Ngati mukufuna kugula, pemphani akuonetseni mmene ulusi umalowera, muyese ndi manja anu. Ilipo mitu ina yoti mumangopisa ulusi pabowo n'kupotokola, osatsegula chilichonse, ndipo ndikanadziwa ndikanasankha wotero.

Chinanso, ulusi ukakhalitsa pamalo ouma ndi otentha umauma, n'kumathothoka ukangokhudza khoma. Nayiloni amamwa madzi pang'ono, choncho ndimaunyika m'ndowa usiku wonse ndisanaukulunge, ndipo umakhalitsa ndithu.

Ulusiwu ulibe mpeni. Umadula chifukwa cha liwiro, ndipo nsonga yokha ndi imene imagwira ntchito. George Ballas wa ku Houston, amene anapanga makina oyamba amtunduwu mu 1971, nzeruyi anaitenga ataona maburashi ozungulira otsukira galimoto. Nditamvetsa zimenezi ndinasiya kukankhira mutu wonse m'kati mwa udzu. Tsopano ndimangosendeza nsonga pang'onopang'ono, ndipo udzu wautali ndimayamba kuudula pamwamba kenako n'kutsika, apo ayi umakulungana pandodo mota n'kuima.

Batire langa ndi la 4.0Ah (Ah ndi muyeso wa moto umene batire limasunga). Pa kapinga wofewa ndi m'mbali mwa mpanda limandifikitsa mphindi pafupifupi 40, zomwe zimakwanira bwalo langa lonse. Nthawi ya mvula, udzu ukakula n'kunyowa, limatha ndisanafike kuseri kwa nyumba. Poyerekezera mabatire musaone mavoti okha. Chulukitsani mavoti ndi Ah kuti mupeze Wh, mphamvu yonse imene ili m'batire: 36V ya 4.0Ah ndi 144Wh, pamene 18V ya 5.0Ah ndi 90Wh. Batireli ndi la lithiamu, silifuna kutentha. Ndimalidikira lizizire ndisanalitchaje, sindilisiya padzuwa, ndipo miyezi imene udzu sunkakula ndinalisunga lili ndi moto wa theka. Mpaka pano kuchepa mphamvu kwake sikuoneka kwenikweni.

Ndisanagule ndinkabwereka a petulo. Mphamvu alinazo, ndipo kwa munthu wolimbana ndi tchire lokhwima lofuna mpeni wachitsulo, amenewo ndiye ake. Koma injini yake, ya mtundu wotchedwa two-stroke, imafuna petulo wosakaniza ndi oyilo, nthawi zambiri pa muyeso wa 50:1, kutanthauza mamililita 20 a oyilo pa lita imodzi, ndipo mafuta akakhalitsa m'thanki amatseka kabuleta, kachipangizo kosakaniza mafuta ndi mpweya. Phokoso lake limafuna zotseka m'makutu, manja n'kutsala akunjenjemera ntchito itatha. Anga ndimangodina batani m'mamawa, oyandikana nawo nyumba osadandaula. A nthambo ya magetsi ndi opepuka, koma amangoyenera pabwalo laling'ono.

Kulemera ndinakupeputsa pogula. Makina amene m'manja amaoneka opepuka kwa mphindi imodzi, pakatha theka la ola amakoka phewa ndi msana. Lamba wa paphewa ndi kusendeza chogwirira kuti chigwirizane ndi msinkhu wanga zinandipulumutsa. Ndodo yowongoka imafika bwino pansi pa zitsamba ndi maluwa, ndipo munthu wamtali sawerama nayo kwambiri ngati ndodo yokhota.

Chimene chimandiwawa mpaka lero ndi kamtengo kanga kakang'ono. Ndinkatchetcha mofika patsinde penipeni, osadziwa kuti ulusi ukusenda khungwa pang'onopang'ono. Pansi pa khungwa ndi pamene pamadutsa chakudya chochokera m'masamba kupita kumizu, ndipo mtengo ukasendeka kuzungulira tsinde lonse umafa. Ndinazindikira nditaona chilonda choyera mbali imodzi, chotalika ngati chala. Kamtengoko kanapulumuka, koma chipsera chilipo. Masiku ano udzu wa patsinde ndimazula ndi manja, n'kuyalapo masamba ouma kuti usamerenso.

Chishango cha pulasitiki chimene chili pamwamba pa mutu wa makinawo musachichotse, ngakhale chizioneka ngati chikutchinga. Chili ndi kampeni kodula ulusi kuti usatalike mopitirira, komanso chimatchinjiriza timiyala. Kamwala kamodzi kanandilasa pamwendo mpaka kutuluka magazi nditavala kabudula, ndiye tsopano sindiyamba ntchito popanda buluku lalitali, nsapato zotseka ndi magalasi oteteza maso.

Makinawa ndikhala nawo. Mvula isanayambe ndigula batire lachiwiri, komanso ndifunafuna mutu wopisa ulusi pabowo umene ungalowe pandodo yomweyi.