Kachipatala komwe ndinakayezetsa gulu la magazi pa Kasungu boma

Achimwene anga anagwa m'chigafa chaka chatha akusoka fodya. Anangogwira pachifuwa, thukuta lili kamukamu, ndipo pofika nawo kuchipatala anali atatisiya. Anati ndi mtima. Anali ndi zaka 54, munthu wamphamvu zake. Maliro atatha, mwana wanga amene akuphunzira unamwino ku Lilongwe anandifunsa ngati ndimadziwa gulu la magazi anga, poti anamva kuti magulu ena amakonda kugwidwa ndi matenda a mtima. Ine zaka 49 zonsezi sindinkalidziwa. Funsolo linandisowetsa tulo mpaka ndinakwera minibasi pa Santhe kupita kuboma.

Ndinalowa kachipatala kena ka pulayiveti kufupi ndi msika, ka zipinda zitatu basi. Ndiyambe ndi zondinyansa. Ndinafika 8 koloko koma wa ku labu anafika 10 itadutsa, ndipo panalibe wotiuza chilichonse. Benchi ndi imodzi, agogo ena anakhala pansi. Zoyezera mafuta a m'magazi, amene amati kolesterolo, analibe, pomwe pachikwangwani panja analembapo.

Koma kuyeza kwenikweniko kunandigwira mtima. Mnyamatayo anatsegula singano yatsopano ndikuona, n'kundibaya pachala, n'kudonthezera magazi malo atatu pagalasi. Dontho lina anathirapo mankhwala abuluu, lina achikasu, lina oyera ngati madzi. Anandiitana kuti ndidzionere ndekha. Pabuluu panangokhala chomwecho, koma pachikasu ndi poyera magazi anachita timibulu ngati mkaka wosasa. "Amayi, ndinu B positive," anatero, n'kulemba m'buku langa la kuchipatala. Mphindi zisanu sizinakwane.

Mtima unagunda, chifukwa mwana uja anandiuza kuti gulu labwino ndi O. Adokotala anaona nkhope yanga ndipo anandikhazika pansi, ngakhale panja panali mzere. Apa ndiye pamene ndalama yanga inagwira ntchito. Anati nkhaniyi si yabodza. Ku yunivesite ya Harvard, ku America, anatsatira anthu pafupifupi 90,000 kwa zaka zoposa 20, ndipo mu 2012 anapeza kuti poyerekeza ndi a gulu O, a gulu AB chiopsezo chawo cha matenda a mitsempha ya mtima chinali chokwera ndi 23 peresenti, a B chinali chokweranso koma osafika pamenepo, a A pang'ono chabe. Chifukwa chimodzi n'choti ife amene si a O tili ndi zinthu zambiri zoundanitsa magazi, makamaka chotchedwa von Willebrand factor, ndipo magazi akaundana mumtsempha wodyetsa mtima, mtima umafa mbali ina. Kenako anatenga pepala n'kundilembera manambala ena a kafukufuku wa ku Groningen, ku Netherlands, wa mu 2017, amene anaphatikiza anthu oposa 1.3 miliyoni. Mwa anthu 1,000 a gulu O, odwala anali 14. Mwa 1,000 a magulu enawo, anali 15. Pepalalo ndinalisunga. Kusiyana kwa munthu mmodzi ndi kumene kunandisowetsa tulo miyezi itatu.

"Gulu munabadwa nalo, simungalisinthe," anatero. "Bweretsani mkono tione chimene tingasinthe." BP inapezeka 158/96. Anandipumitsa kanthawi n'kuyezanso, inatsika pang'ono koma inali pamwamba pa 140/90. Shuga anali bwino. Anandifunsa za mchere, ndipo ndinavomera kuti ndimathira mumphika komanso pambale. Anafunsanso za achimwene aja ngati ankasuta. Ankasuta chingambwe kuyambira ali mnyamata, ndipo BP sanayezetsepo n'kamodzi komwe. Adokotala anakhala chete pang'ono, kenako anati m'bale wako weniweni akamwalira ndi mtima asanakalambe, zimenezo zimalemera kuposa chilembo cha gulu la magazi. Ndinalira pamenepo, ndipo sanandithamangitse.

China chimene ndinayamikira n'choti sanandikakamize kugula mankhwala pompo. Anati ndikayezetsenso BP masiku ena awiri kuchipatala cha kwathu, kumene n'kwaulere, ndipo ikapezekabe yokwera ndiyambe mankhwala kumeneko. Wa pulayiveti wokuuza zoterezi sapezekapezeka.

Amene mukufuna kupitako, fikani cha m'ma 10, mutenge buku lanu la kuchipatala, ndipo za kolesterolo mufunsiretu pakhomo musanalipire. Ine ndinayamba mankhwala a BP mwezi wathawu. Loweruka likubwerali ndikupita nawo alamu anga, akazi a malemu, pamodzi ndi mwana wawo woyamba, amene wayamba kale kusuta.