Open Middle: masamu a mabokosi amene adzutsa kalasi yanga

Ndimaphunzitsa masamu ana a Sitandade 8 ndi a Fomu 1, ndipo teremu yathayi ndakhala ndikuwapatsa mafunso a Open Middle. Ndi aulere pa intaneti. Anawayambitsa ndi aphunzitsi a ku America, Robert Kaplinsky ndi Nanette Johnson, ndipo Kaplinsky anatulutsanso buku la njirayi mu 2019, ngakhale ine ndangodalira aulerewo.

Funso lake limaoneka lopepuka. Pamakhala mabokosi opanda kanthu, monga □□ × □□, ndiye mwana aikemo manambala a pakati pa 1 ndi 9 osabwereza, kuti yankho likhale lalikulu kuposa onse. Ambiri amathamangira 98 × 76, apeza 7448, pensulo pansi. Posakhalitsa wina kumbuyo akufuula kuti 97 × 86 yampatsa 8342. Pamenepo aliyense amatolanso pensulo. Titafika pa 96 × 87, yomwe ndi 8352, mtsikana wina amene nthawi zambiri sakweza dzanja anati, "Aphunzitsi, zonse ziwirizi tikawonkhetsa zikupereka 183, koma zoyandikanazo ndi zomwe zikupambana." Zimenezo sindinamuuze, anaziona yekha.

Ndimawakonda mafunsowa chifukwa mwana amachulukitsa kambirimbiri osadandaula, poti akufuna kuposa mnzake. Wofooka naye amayambapo, chifukwa manambala alionse akaikamo pali chimene apeza. Komanso kukopera n'kovuta, popeza ndikafunsa kuti 9 waiikiranji pamenepo, woonera kwa mnzake amangoti kukamwa yasa. Ife tinalemba manambala pa zitsekerero za mabotolo kuti ana azingosuntha m'malo mofufuta mpaka pepala kubooka.

Zovuta zilipo. Mafunso anawasanja motsata magiredi a ku America, choncho umayenera kufufuza wekha logwirizana ndi silabasi yathu, ndipo ena a giredi 6 amawavuta ngakhale a Fomu 1. Ambiri ali m'Chingerezi, ndiye malangizo ndimawafotokozanso m'Chichewa. Yankho limakhala pansi pa funso pomwepo, kotero musampatse mwana foni; koperani funsolo pa bolodi, bandulo nayo isathe msanga. Chachikulu ndi nthawi: funso limodzi likhoza kudya piriyodi yonse, ndipo m'kalasi ya ana ochuluka phokoso limakula.

Makolo amene ana anu akukonzekera mayeso a MANEB, mafunsowa sangalowe m'malo mwa mapepala a mayeso akale. Ine ndimapereka limodzi pa sabata, pomaliza mutu, ndipo mpamene ndimadziwira amene wamvetsa ndi amene wangoloweza njira. Yambani ndi ili: □□ + x = □□, x ikhale yaikulu zedi. Mwana akafika pa 12 + x = 98, mumufunsenso x yaing'ono kwambiri yoposa ziro.