Penti ya m'chitini, cold blue, Cerakote kapena DuraCoat: iti imapirira chinyezi cha Zomba?

Anzanga amene tili ndi mfuti za laisensi zolondera minda simukundipumitsa ndi funso lakuti ndinapaka chiyani pa shotgun yanga kuti isiye kuchita dzimbiri. Kuno m'munsi mwa phiri chitsulo sichipuma: mvula kuyambira Disembala mpaka Marichi, kenaka chiperoni cha Juni ndi Julaye.

Penti yopopera ya m'chitini ndiyo ndimakwiya nayo mpaka lero. Imene ndinagula ine pachitini panalembedwa kuti ndi ya zitsulo ndipo imaletsa dzimbiri. Itauma inkaoneka bwino ndithu. Koma mafuta otsukira mfuti atangoigwera inafewa, n'kuyamba kusupuka pamene pamagwira dzanja. Chondipweteka kwambiri sichinali kusupukako ayi. Madzi ankalowera m'ming'alu n'kukhala pansi pa penti, pamwamba pakuoneka pakuda bwinobwino, pamene dzimbiri likudya mpope wa mfuti mwakachetechete. Pochotsa pentiyo ndinapeza timaenje timene sandipepala sangafafanize. Chitsulo chosapaka kanthu chimakuonetsa dzimbiri tsiku lomwelo, n'kupukuta. Penti yoipa imakubisira. Siyani ikhale ya mageti ndi mawilibala.

Cold blue, mankhwala opaka pa chitsulo osafuna kutenthetsa, monga Perma Blue ya kampani ya Birchwood Casey, imangodetsa chitsulo: ndi yabwino potseka pamene pakalika, koma popanda mafuta pafupipafupi sitchinga chinyezi.

Cerakote, penti yapadera yopaka mfuti, ndiyo yolimba kuposa zonse, sindikana. Imapakidwa mopyapyala kwambiri, pafupifupi mamilimita 0.025. Koma ya mtundu wa H imafuna kuti chitsulo chikwechedwe ndi makina opemerera mchenga, ipoperedwe ndi kompuresa, kenaka iwotchedwe mu uvuni pa madigiri a Celsius pafupifupi 120 kwa maola 2. Uvuniwo usakhale wophikira chakudya cha ana. Ndipo magetsi akathima pakati pa ntchito, mwataya ndalama. Ya mtundu wa C imauma ndi mpweya m'masiku 5, komabe mchenga uja sungauthawe.

Ine mtima wanga uli pa DuraCoat, penti inanso yopangidwira mfuti. Mumasakaniza magawo 12 a penti ndi gawo limodzi la cholimbitsira, n'kupopera mopyapyala, uvuni osafunika. Chimene imafuna ndi kudekha, chifukwa kuti ilimbe kotheratu pamatenga masabata atatu kapena anayi. Poperani mu Seputembala kapena Okutobala kukauma, mutachotsa mafuta onse ndi acetone (mankhwala osungunula mafuta), ndipo musagwirenso chitsulocho ndi manja. Mfuti ikhale yopanda chipolopolo komanso yomasula, mkati mwa mpope mutseke, ndipo nambala ya mfuti muimate tepi kuti iziwerengeka apolisi akafuna kuiyerekeza ndi laisensi yanu.

Chenjerani ndi mtengo wa pa intaneti. Cerakote ndi DuraCoat zimayaka moto, choncho ena onyamula katundu pa ndege amazikana, ena amawonjezera chindapusa cha katundu woopsa. Amene anandinyamulira ine anandiuza za ndalamayi katundu atanyamuka kale, ndipo kuphatikiza msonkho wolowetsera, kubweretsa kunadula kuposa pentiyo. Funsani mtengo wonse, wolembedwa, musanalipire.

Ngati muli ndi mnzanu wopopera magalimoto amene alinso ndi makina a mchenga, tengani Cerakote ya C. Ife opanda zimenezo, DuraCoat.