Chaputala Chachifupi Kapena Chachitali?

Ukayamba kulemba nthano yaitali, funso ili silichedwa kukupeza.

Chaputala chachifupi, cha mawu 1,000 mpaka 2,000, chimathamangitsa nkhani. Wowerenga amati "ndingomaliza kamodzi aka", kenako n'kumva tambala akulira. Chimayenera nkhani za upandu ndi zosakanasakana, komanso munthu wowerengera pafoni m'minibasi. Koma ukamadula nkhani pafupipafupi pamene pafika pokoma, owerenga amakutulukira machenjera, ndipo ampangankhani sapeza mpata woonetsa khalidwe lawo.

Chachitali, cha mawu 5,000 kapena kuposa, chimapatsa zochitika nthawi yokhwima. Taganizirani mlandu wa malo pabwalo la mfumu. Mboni zilankhule, nkhalamba iponye mwambi, mlamu apse mtima n'kuulula zimene banja linabisa zaka zambiri, amfumu akhale chete kaye asanagamule. Kudula pakati pamenepo n'kuphula nsima isanapse. Ngozi yake ndi kuzungulira: wolemba akakomedwa ndi mawu ake, wowerenga amapinda tsamba n'kugona.

Kale olemba ena analibe ufulu wonsewu. Wolemba wa ku England, Charles Dickens, ankatulutsa buku lake la The Pickwick Papers m'zigawo mwezi ndi mwezi kuyambira 1836, choncho nkhani inkayenera kukwana m'masamba amene wosindikiza waika.

Ine ndimapendekera ku zazitali, mwina chifukwa ndinakula ndi nthano za agogo zosatha msanga. Komabe pambuyo pa mlandu wautali uja ndingaike chaputala cha tsamba limodzi, mayi wogonja akuzula chinangwa chake m'munda umene walandidwa.