Zithunzi zosindikizidwa za nyama za gulu la CoBrA: Corneille akuoneka bwino, Appel wafooka

Masitolo ambiri a pa intaneti amagulitsa zithunzi zosindikizidwa za akatswiri ojambula a gulu la CoBrA, ndipo zimene ndinaitanitsa kwa wogulitsa wina ndi za Corneille ndi za Karel Appel, zosonyeza mbalame, amphaka ndi zilombo zina zovuta kuzitchula mtundu. Zinafika zitakulungidwa bwino, pepala lake ndi lochindikala komanso losanyezimira, moti pa zimenezi palibe chodandaula.

Gululi linakhazikitsidwa ku Paris pa 8 November 1948 ndi ojambula ndi olemba ochokera ku Copenhagen, Brussels ndi Amsterdam, kuphatikizapo Asger Jorn, Constant ndi Christian Dotremont, ndipo linatha mu 1951. Anthuwa anali atangotuluka mu Nkhondo Yachiwiri ya Padziko Lonse, ndipo anakana malamulo a masukulu a zojambula n'kuyamba kuphunzira kwa ana, amene amajambula mphaka wa maso aakulu ndi miyendo yokhota popanda kupepesa kwa munthu. Si onse anakondwera nazo. Chithunzi chimene Appel anajambula pakhoma la chipinda chodyera cha likulu la mzinda wa Amsterdam mu 1949 chinaphimbidwa kwa zaka khumi chifukwa ogwira ntchito kumeneko anadandaula.

Zithunzi za Corneille ndi zimene zatuluka bwino kwambiri. Iye ankapaka utoto mosalala, mtundu uliwonse m'malire ake, choncho kufiira kwa dzuwa, chikasu cha mlomo wa mbalame ndi kubiriwira kwa masamba zimafika papepala osataya mphamvu, makamaka poti zambiri mwa ntchito zake zoterezi anazikonzera kusindikiza kuyambira pachiyambi. Za Appel n'zosiyana. Mphamvu ya zithunzi zake za pansalu ili m'kuchindikala kwa penti, amene ankamuunjika ndi kumukwekwesa mpaka kupanga mizere ndi zitunda zogwira kuwala, koma makina osindikizira amasalaza zonsezo, ndipo chilombo chimene pansalu chimaoneka ngati chikufuna kulumpha chimangosanduka chidole chokongoletsera khoma. Inki yakuda nayonso yaphimba timizere tating'ono tozungulira maso a mphaka. Amene akufuna kudziwa Appel weniweni ayenera kuona nsalu zenizenizo, monga zimene zili m'nyumba zosungiramo zojambula, ku Stedelijk Museum ku Amsterdam kapena ku Cobra Museum ku Amstelveen, yomwe inatsegulidwa mu 1995.

Chimene sichinandisangalatse ndi mafotokozedwe a wogulitsayo. Walemba dzina la CoBrA pa chithunzi chilichonse, pamene mbalame zowala za Corneille zimene anthu amazikonda anazijambula patapita zaka zambiri gululo litatha, ndipo ntchito zake za pakati pa 1948 ndi 1951 n'zokhakhala kuposa pamenepo. Sanenanso momveka kuti zimene akugulitsa si lithograph, chithunzi chodindidwa kuchokera pamwala kapena pachitsulo chimene wojambula anajambulapo, imene iye amaisaina ndi pensulo n'kulembapo nambala yake, koma ndi zithunzi wamba zimene siginecha yake ndi yosindikizidwa pamodzi ndi chithunzicho.

Wogula amene wamvetsa kusiyana kumeneku angasankhe za Corneille mosakayika, makamaka zazikulu, n'kuziika mu felemu yopyapyala pamalo posafika dzuwa, chifukwa inki yofiira ndi yachikasu imasuluka msanga. Za Appel sindingalimbikitse munthu kuzigula papepala lotere.